Masamba a Maliro pa Kalavati ya ku Nselema

Balaka, 2000

Ana anga, za kusukulu kwanga mumazidziwa kale, ndiye ndiyambire pa ntchito. Ndinalembedwa ndili ndi satifiketi ya kukoleji m'chikwama ndi mimba ya iwe Tadala, imene inali isanayambe kuoneka. Ananditumiza ku Balaka, ku ofesi yophunzitsa anthu za chitetezo cha pamsewu. Dzinalo linali lalikulu, koma ofesiyo inali kachipinda kuseri kwa sitolo, muli tebulo ndi njinga yamoto imene nthawi zambiri inkangotsamira khoma posowa petulo. Bwana wanga anali a Likoswe, munthu wamtali, wosadziwa kukalipa, woyenda ndi choko m'thumba la shati ngati mphunzitsi. Tsiku loyamba anandifunsa kuti, "Mayi, kukolejiko anakuphunzitsani chiyani chimene ife kuno tilibe?" Ine ndi changu cha utsikana ndinawafotokozera za kanema amene anationetsa, wa maloboti a kunja okhala ndi kamunthu. Kakakhala kofiira kamangoima njo, kakasanduka kobiriwira kamayamba kuyenda, timiyendo tikusinthanasinthana, ndipo nthawi yowoloka ikatsala pang'ono kutha kamayamba kuthamanga. Ndinati ubwino wake ngwakuti ngakhale mwana, ngakhale gogo wosadziwa kuwerenga, amamva zimene kakunena, ndipo dalaivala naye amadziwa kuti pamsewu pali anthu. A Likoswe anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka analoza babu lakupsa limene linali lendelende kudenga. "Kamunthu kanuko kamadya magetsi?" Ndinati eya. "Ndiye kuno kafa ndi njala," anatero, n'kundipatsa choko.

Ntchito yathu inali yoyenda m'masukulu ndi m'misika, kujambula msewu pansi, kuuza anthu kuti ayang'ane kumanja, kumanzere, kumanjanso. Nthawi zina tinkaitanidwa pomwe pachitika ngozi kuti tikaone chimene chalakwika. Kumeneko n'kumene ndinatengera mantha amene sanandichoke mpaka lero. Sikuti ndinkaona magazi kawirikawiri, iyayi, tinkafika zonse zitatha. Chimene chinkatsala ndi kansapato kamodzi m'mphepete mwa tala, kapena chidebe chophwanyika. Iwe utabadwa, bambo ako anapita ku Joni usanayambe n'kukhala komwe, ndipo ndinatsala ndekha ndi iwe ndi zithunzi zimenezo m'mutu. Ukagona masana ndinkaika chala pamphuno pako kuti ndimve mpweya. Galimoto ikaliza hutala kutali, mkono wanga unkafika kumsana ndisanaganize n'komwe.

Nselema, kumapeto kwa 2001

A Likoswe ndiwo anandiuza za kusamutsidwa. "Ku Nselema athira tala. Galimoto zayamba kuuluka, koma anthu akuwolokabe ngati msewu ndi wafumbi uja. Mupite mukakhale komweko." Ndinafunsa kuti ndipita ndi yani. Anati, "Ndi mwana wanu."

Ndinapeza chipinda kwa mayi wina dzina lake Abiti Jafali, kungodutsa pamsika, pafupi ndi kalavati pomwe msewu umakhota. Amuna ake anali asodzi ku Chiuta, ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo iye ankalera yekha ana atatu. Anali wamfupi, wamawu aakulu, woseka ndi thupi lonse. Tsiku lomwelo anakulanda m'manja mwanga n'kukuponya kumsana kwake ngati wake, ndipo tinagwirizana kuti ndikapita kuntchito uzitsala naye. Ankakuyankhula m'Chiyao tsiku lonse. Ine ndinkamva pang'onopang'ono, iwe unkangoseka ngati ukumva zonse.

Kamunthu kaja sindinakaiwale. Poti magetsi kunalibe, ndinapita kwa kalipentala wa pamsika n'kumujambulira pansi chimene ndinkafuna. Anandipangira thabwa lokhala ndi chogwirira. Mbali imodzi tinapenta kamunthu kofiira kataima. Mbali inayo tinadula kamunthu kobiriwira, miyendo yake n'kuikhomera ndi msomali umodzi m'chiuno, ndipo ndikakoka chingwe miyendo ija inkayenda. Penti wobiriwira sanapezeke, tinasakaniza wachikasu ndi wabuluu wotsala ku sitolo ina. Nditabwera nalo kunyumba Abiti anagwa pansi ndi kuseka. "Amake Tadala, amuna anu apita ku Joni ndiye mwakhometsa wathabwa? Bola ameneyu akayenda sapita patali." Pamsika anthu ananditcha Mayi Loboti. Ana ankanditsatira akufuula kuti kayende, kayende, ndipo poyamba ankayang'ana kamunthuko kuposa msewu. Koma pang'ono ndi pang'ono anazolowera kudikira kuti ndikatembenuze. Madalaivala a minibasi ena ankachepetsa liwiro, mwina pofuna kuonerera. A malole ankangodutsa.

Nselema, Febuluwale 2002

Njala ya chaka chimenecho sindingaifotokoze yonse. Anthu anadya gaga, gaga atatha anakumba zitsa za nthochi. Ine malipiro ndinkalandira, koma chimanga chogula chinalibe pochipeza, ndipo ukamva kuti chafika, umakapeza mzere utazungulira kale. Tinasiya kuphika payekhapayekha, ine ndi Abiti tinkasonkhanitsa chimene chapezeka. Mkaka wanga unayamba kuchepa, iwe n'kumaonda manja.

Nthawi imeneyo malole a chimanga anayamba kudutsa kuchokera cha ku Liwonde, kupita kumtunda. Sankaima pathu. Koma pa kalavati paja tala anali atatsika pang'ono, ndiye lole ikafika mothamanga inkadumpha, njere n'kutayika kuchokera m'matumba obooka. Anayamba kuona ndi ana, kenaka amayi, ndipo posakhalitsa pankakhala gulu lodikira ndi timatsache ndi malichero. Lole ikangodutsa onse ankathamangira pakati pa msewu, maso ali pansi. Vuto linali lakuti malolewo ankayenda motsatizana, ndipo yachiwiri sinkaoneka chifukwa cha kukhota kwa msewu ndi udzu umene unali utatalika ndi mvula.

Tsiku lina ndili pamsika ndi thabwa langa ndinamva hutala wautali cha ku kalavati. Nditacheuka ndinaona pakati pa amayi owerama aja chitenje chachikasu, changa chomwe, chimene ndinamupatsa Abiti kuti azikuberekera. Pamwamba pake panali kamutu kako. Lole yachiwiri inakhotera kumbali, matayala ena ali m'dothi, n'kupitirira. Palibe anavulala. Ine sindikumbuka m'mene ndinafikira pamenepo.

"Abiti, mwana wanga mwalowa naye pamsewu?"

"Nanga ndikanamusiyira ndani? Anzakewo ali pompano, akutola."

"Osandiitana bwanji?"

"Lole imadikira munthu?" Anamasula kansonga ka nsalu yake n'kundionetsa njere zosakanikirana ndi mchenga. "Izi mawa ndi phala la Tadala yemweyu. Kalipani, amake Tadala, muli ndi chifukwa. Koma mukalipe titasinja."

Ndinayesa kuyenda nawe kuntchito, koma ntchito yanga inalinso ya m'mphepete mwa msewu, padzuwa ndi pamvula, ndipo unayamba kutsegula m'mimba. Ndinakubwezera kwa Abiti. Analonjeza kuti salowanso nawe pamsewu, ndipo ndikudziwa kuti analonjeza ndi mtima wonse, koma ndinali nditaona m'mene miyendo ya munthu wanjala imanyamukira yokha njere zikagwa. Ndinasamutsa thabwa langa kuchoka pamsika n'kukaima nalo pa kalavati. Sizinathandize. Amayi sankadzutsa maso kuti aone kamunthu kofiira, madalaivala nawo sankandiwerengera.

A Likoswe atapeza petulo anabwera kudzandiona. Ndinawatengera pa kalavati, ndinawaonetsa pomwe tala watsika, ndinawapempha kuti atiikire hampu yochepetsa liwiro la galimoto kapena chikwangwani. Anavula chipewa n'kudzipukuta thukuta. "Mayi, pempho ndikapereka, koma mukudziwa m'mene zinthu zilili. Ngakhale choko chandithera." Abiti anali pambali ndi lichero lake, akumva. Anati, "Bwana, madalaivala awa chimene amaopa ndi chimodzi. Tiike masamba." Anayankhula m'Chichewa chomveka bwino, koma a Likoswe anayang'ana kumwamba ngati akuona mvula. "Ine Chiyao sindimva kwenikweni, mayi," anatero, "ndiponso ndikunyamuka, kusanade."

Inu munakulira m'tauni, mwina simudziwa kulemera kwa zimene Abiti ananena. Pamudzi wa m'mphepete mwa msewu pakagwa maliro, anthu amadula nthambi zaziwisi n'kuziyala pamsewu, uku ndi uku. Dalaivala aliyense, ngakhale wamwano chotani, amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi. Wapanjinga amatsika n'kuikankha, amuna amavula zipewa. Palibe anaphunzitsa anthu zimenezi ndi choko, ndipo palibe amaphwanya. Koma masamba amenewo ndi a wakufa. Ndinkadzifunsa kuti, ukawayala popanda mtembo, ukuitana ndani? Ndipo pakhomo pathupo mwana wofooka kuposa onse unali iwe. Ndinamuuza Abiti zimenezi. Anati, "Mulungu sasokonezeka ndi masamba a mango, amadziwa amene wamuitana." Ndinakanabe kwa kanthawi. Koma nditaona lichero la mayi wina litaphwanyidwa ndi tayala, mwini wake atalumphira m'ngalande, ndinapita kwa Abiti n'kumuuza kuti abwere ndi chikwanje.

Tinayala m'mawa. Lole yoyamba itatulukira pokhota paja inalira mabuleki, n'kudutsa ngati ikuyenda chonyang'ama, dalaivala atavula kapusi. Yachiwiri chimodzimodzi. Kwa nthawi yoyamba chiyambire njala ija ndinapuma mpweya wonse. Abiti yekha ndiye anadandaula. "Aa, ulemu wachuluka tsopano. Sikudumpha, ndiye sizikugwa." Oyenda pansi ankaima n'kufunsa motsitsa mawu kuti zovuta zili pati, ife n'kuwafotokozera. Ena anamvetsa. Bambo wina anatiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Chaka chino n'chosewera ndi maliro?" Koma apanjinga sankafunsa. Ankatsika mwakachetechete, kuyang'ana nyumba yoyandikira, imene inali ya Abiti, n'kukwera kutsogolo. Za kumene ankapita nayo nkhaniyo ife sitinaganizeko.

Mawa lake masana unali ndi kathupi kotentha, ndiye Abiti anatsala nawe kunyumba, ine ndili pa kalavati. Mwadzidzidzi ndinamva kulira kuchokera pakhomo pathu. Sikunali kulira kwa mwana kapena kwa ndewu. Kunali kuja kwa maliro, kwa mayi wamkulu, kokwera n'kutsika, ndipo m'mawu a Chiyao amene ndinkadziwa ndinamva akutchula mwana. Thabwa linagwa lokha. Kuchokera pa kalavati kufika pakhomo sipatali, koma m'kanjira kameneko ndinakuika m'manda, ndinalembera bambo ako uthenga, ndinaona amayi anga akundifunsa kuti masamba anayala ndani.

Ndinapeza gogo wina atagwa pakhomo, mapazi ali fumbi lokhalokha, Abiti atamugwira m'mapewa akumufuulira kuti palibe wamwalira, uku akukoka ana ake mmodzimmodzi kuwaimika patsogolo pake. Iwe unali pamkeka, sipuni ili m'manja, ukungoyang'ana. Gogoyo anali mayi ake a Abiti, a cha ku Ngokwe. Wogulitsa nsomba wina wapanjinga anawauza kuti pakhomo pa mwana wawo pali masamba. Poti Asilamu sachedwa kuika maliro, ananyamuka kusanache, wapansi, m'mimba mulibe kanthu, kuti mwina akapeze nkhope ya mdzukulu isanakwiriridwe. Anagwira ana aja mitu, aliyense payekha, kenaka anakwawa n'kudzakugwira iwenso. Atamwa madzi anayankhula motsitsa, ndipo Abiti ananditanthauzira osandiyang'ana. "Akuti tawayendetsa ulendo wa maliro. Akuti tsiku limene miyendo iyi idzafunike zoona, idzakhala itatha."

Ndinakunyamula n'kubwerera nawe kumsewu. Nthambi zija ndinazikoka ndi dzanja limodzi n'kuziponya m'ngalande. Ndisanafike n'kunyumba komwe, lole ina inadutsa ndi liwiro lake lonse, ndipo ndinamva mapazi a amayi akuthamangira pa tala.

Madzulo amenewo ndinakhala nawe pakhonde ndikuganiza. Kusiya ntchito kukanatanthauza kuti tonse awiri tikatole nawo pa kalavati. Kukhala nawe pamenepo ndiye kuti tsiku lililonse ndizimvetsera hutala. Amayi anga, agogo ako, anali kumudzi kwathu kwa Nsamala, kutali ndi tala, kumene chodutsa chachikulu ndi ngolo. Anali ndi kachinangwa kudimba. Koma unali ukuyamwabe, ndipo chibadwire unali usanagonepo popanda ine. Komabe ndinamuuza Abiti kuti ndikakusiya kwa amayi.

"Mwandikwiyira, amake Tadala."

"Iyayi, Abiti."

"Ndiye mukundilandiranji mwana?"

Anakutenga n'kukubereka, n'kumazungulira nawe pabwalo mpaka unagona.

Kwa Nsamala, Malichi 2002

Amayi anatilandira osafunsa zambiri. Anakuyang'ana manja, anandiyang'ana ine m'khosi momwe mafupa anatulukira, n'kunena kuti, "Wachita bwino kubwera naye." Ndinagona kumeneko, ndipo m'mawa nditayamba kukupukuta kumaso kuti ndikutsanzike, anandigwira mkono. "Usatsanzike, Edina. Ukatsanzika alira mpaka mawa. Ndipita naye kuseri akaone mbuzi, iwe uzipita." Ndinati ndingomuyamwitsa komaliza. Anati, "Komaliza kunali dzulo." Ndinamvera. Ndikutuluka pampanda ndinakumva ukuseka kuseri kwa nyumba, ndipo kuseka kumeneko kunandipweteka kuposa m'mene kulira kukanandipwetekera. Pa matola mkaka uja unkachepa unabwera wonse, bulauzi inanyowa. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anayang'ana n'kufunsa kuti, "Mwana mwamusiya kuti?" Ndinati ali bwino.

Nditabwerera ku Nselema ndinasonkhanitsa amayi a pa kalavati. Ndinasiya kuwauza kuti asalowe pamsewu, poti ndinadziwa kuti alowabe. Tinapangana kuti ine ndiziima pokhota paja, pomwe ndinkaona patali, kamunthu kofiira katayang'ana kwa iwo mpaka lole yomaliza idutse. Ndikatembenuza kobiriwira alowe onse, ndipo ndikayamba kukoka chingwe mofulumira, miyendo ija ikuthamanga, achoke. Anavomera chifukwa palibe amene akanatsogola mnzake. Abiti ndiye anali wofuula, maso ake ali pa ine, ndipo wolowa msanga ankamva mawu ake mpaka kumsika. Madalaivala ena atazolowera anayamba kundikodola ndi dzanja kuti kumbuyo kuli ina. Sizinali za m'kanema muja, koma mpaka chimanga chinacha m'minda, pa kalavati paja sitinayalepo masamba a maliro enieni.

Usana ndinkalimba. Chovuta chinali kubwerera kuchipinda. Ndinkapeza kasipuni kako pawindo, ndinkafinyira mkaka pansi kuseri kwa nyumba kuti mabere asatupe, ndipo Abiti akandiona ankayang'ana kumbali. Nthawi zina iye amene ankaiwala, n'kusungako phala pang'ono m'kambale. Hampu anadzaiika patapita zaka, ine nditasamutsidwa kale. Abiti sindinadzamuonenso. Ndinamva mochedwa kuti anamwalira, ndipo mpaka lero ndikamva mayi akuseka mokweza pamsika ndimacheuka.

Kwa Nsamala, nyengo yokolola itatha

A Likoswe anandipatsa tchuthi chachifupi, ndipo ndinanyamuka tsiku lomwelo ndi kadiresi kamene ndinakusokera, kongoyerekeza msinkhu. Njira yonse ndinkakonza zoti ndidzanene ndikakuona. Ndinafika dzuwa likupendeka. Unali pabwalo, ukuthamangitsa nkhuku, ukuyenda wekha bwinobwino, masaya atabwerera, timiyendo tili ndi mnofu. Ndinagwada pamkeka n'kutambasula manja. Amayi anakuitana. "Tadala, amako abwera. Pita kwa amako."

Unasiya nkhuku zija n'kuthamanga. Unandidutsa pambali, chitenje changa n'kukukhudza, mpaka unakaima pakhomo la mpanda, n'kumasuzumira kunjira kuti uone amakowo akuchokera kuti.

"Musiye," anatero amayi motsitsa. "Amatero tsiku lililonse."